Khadi la ngongole: mafunso ndi mayankho kwa anthu a mu Mzuzu

Ogwira ntchito ambiri mu Mzuzu ali ndi khadi la kubanki m'chikwama, lija amatapira malipiro pa ATM mwezi ukatha. Khadi la ngongole, lomwe kubanki amati credit card, ali nalo ndi ochepa, ndipo ambiri mwa amene alibe amangomva kuti ndi la mabwana, ena amati ndi msampha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi ndi amalonda. Malamulo a khadi amasiyana banki ndi banki, choncho ziwerengero za m'zitsanzo zathu n'zongothandiza kuti muone momwe zinthu zimayendera. Zanu zenizeni zili pa pepala la mgwirizano lomwe banki idzakupatseni kuti musayine.

Kodi khadi limeneli likusiyana pati ndi la ATM lomwe ndili nalo kale?

Pa maonekedwe n'zovuta kuwasiyanitsa. Onse ali ndi manambala 16, mwezi ndi chaka chothera ntchito, kachitsulo konyezimira kaja, ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard. Kusiyana kuli pa mwini ndalama. Mukaswaipa khadi la ATM, ndalama zimachoka mu akaunti yanu pomwepo, ndipo ngati mulibe kanthu makina amakana. Mukaswaipa la ngongole, imalipira ndi banki, inu mumadzabweza pambuyo pake.

Banki imakuikirani malire potengera zomwe mumalandira, tinene K500,000. Mukagula katundu wa K120,000 mwatsala ndi K380,000. Mukabweza K120,000 ija, malire aja amadzazanso. Palibe kulembanso fomu, palibe kusaka mboni, palibe kudikira kuti a zangongole akhale pansi. Amene anakongolapo mayunitsi pa Kutapa kapena pa Pasavute akudziwa kale momwe zimakhalira, kungoti apa ndalama zake n'zambiri ndipo tsiku lobwezera ndi lolembedwa.

Ndiye phindu lake lenileni n'chiyani?

Ndi masiku. Khadi silikuwonjezerani ngakhale tambala imodzi pa malipiro anu. Chomwe limachita ndi kukupatsani mpata pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolipira, ndipo mukabweza zonse pa nthawi yake, mpata umenewo ndi waulere, wopanda chiwongoladzanja. M'dziko muno, momwe ngongole ya kubanki imawawa chonchi, kugwiritsa ntchito ndalama za wina kwa mwezi ndi theka osaikapo kalikonse si nkhani yaing'ono.

Taganizirani mphunzitsi wa ku Chibavi. Pa 14 mwana wadwala, adokotala alemba mankhwala omwe ku chipatala atha, ayenera kukagula ku famase ya m'tauni. Malipiro akadali kutali. Njira zomwe ali nazo ndi kugogoda kwa alamu, kupita kwa wakatapila, kapena kuswaipa khadi n'kudzabweza malipiro akalowa. Pa njira zitatuzi, yachitatu ndi yokhayo yomwe siimudyera ndalama komanso siimuchotsera ulemu. Kapenanso wogwira ntchito ku Luwinga amene wamva kuti mafuta afika pamalo omwetsera galimoto atasowa kwa masiku: mafuta sayang'ana kalendala ya malipiro, ndipo amene ali ndi khadi amathira tanki yodzaza pomwe mnzake akuthira malita asanu.

Palinso phindu lina lomwe limaoneka bwino mitengo ikamakwera mwezi ndi mwezi. Thumba la simenti kapena la shuga mwagula pa mtengo walero, mudzalipira mwezi wamawa mtengo womwewo, ngakhale m'sitolo atasintha kale mapepala a mitengo. Kuwonjezera apo pali chitetezo pogula, mbiri yabwino ya ngongole, ndi sitetimenti yokuonetsani komwe ndalama zanu zikupita. Koma zonsezi zimabwera pambuyo pa masiku aja.

Masiku opanda chiwongoladzanjawo amawerengedwa bwanji?

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, choncho tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Khadi lili ndi masiku awiri ofunika: tsiku lomwe banki imatseka mabuku n'kutulutsa sitetimenti, ndi tsiku lomaliza kulipira. Tinene kuti sitetimenti yanu imatuluka pa 5 mwezi uliwonse, ndipo mumapatsidwa masiku 25 kuti mulipire, kutanthauza pa 30.

Mukagula firiji pa 6 Malichi, sitetimenti ya Malichi yatuluka kale dzulo lake. Firijiyo idzaoneka pa sitetimenti ya pa 5 Epulo, ndipo mudzalipira pofika pa 30 Epulo. Amenewo ndi masiku 55. Mukagula firiji yomweyo pa 4 Epulo, mawa lake yalowa kale mu sitetimenti, ndipo tsiku lolipira ndi lomwe lija la 30 Epulo: masiku 26 okha. N'chifukwa chake otsatsa amalemba kuti "mpaka masiku akutiakuti". Mawu oti mpaka aja ndi ofunika kuwawerenga. Chinthu chachikulu chomwe sichikufulumira, chiguleni sitetimenti itangotuluka.

Funsani kubanki ngati angakusunthireni tsiku lolipira kuti lizibwera patapita masiku angapo malipiro atalowa, osati tsiku lomwelo. Tonse tikudziwa kuti malipiro ena amachedwa, ndipo kompyuta ya kubanki siimva zoti abwana sanasayine.

Pa sitetimenti pamalembedwa kandalama kochepa koti ndikalipira ndiye kuti zili bwino. Bwanji ndisamangolipira kameneko?

Chifukwa kandalama kameneko ndi komwe banki imadyerapo. Mukalipira kochepako, dzina lanu silida, n'zoona, koma masiku aulere aja amatha. Chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa pa ngongole yotsalayo, ndipo m'mapangano ambiri zomwe mugule pambuyo pake nazonso zimayamba kubala chiwongoladzanja kuyambira tsiku logula mpaka mutamaliza zonse.

Ndalama m'Malawi muno n'zodula kubwereka. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chomwe mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti, ndipo banki ikamakongoza munthu imaika phindu lake pamwamba. Ngongole ya pa khadi ilibe chikole, motero imakhala m'gulu la ngongole zodula.

Tiwerengere limodzi, pongoyerekeza kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pachaka, komwe ndi 3 peresenti pamwezi. Muli ndi ngongole ya K300,000 ndipo mwaganiza zolipira K15,000 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba, K9,000 ikupita ku chiwongoladzanja, K6,000 yokha ndi imene ikuchepetsa ngongole. Mukapitiriza choncho, osagulanso kanthu kena pa khadilo, mudzamaliza patatha miyezi 31, mutalipira pafupifupi K465,000. Sofa yomwe munagula idzakhala itayamba kung'ambika inu mukulipirabe. Ine ndimaona kuti munthu amene akudziwiratu kuti sangamalize kubweza mwezi umodzi kapena iwiri, ndi bwino akatenge ngongole wamba ya pa malipiro yomwe ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, kusiyana n'kuikoka pa khadi.

Poyerekeza ndi katapila, banki m'khonde kapena SACCO, khadi lili pati?

Ndi katapila palibe mpikisano. Wakatapila akakupatsani K20,000 amafuna K30,000 mwezi ukatha, ena kuposa apo, ndipo ambiri amasunga khadi lanu la ATM pamodzi ndi PIN kuti azikatapa okha. Ngakhale khadi la ngongole lomwe mwachedwa kulipira silifika pamenepo.

Banki m'khonde ndi nkhani ina. Chiwongoladzanja chake pamwezi chimakhala chokwera kuposa cha kubanki, koma chimabwerera kwa inu nomwe pogawana kumapeto kwa chaka, ndipo gulu limakuphunzitsani kusunga, zomwe khadi silichita. Vuto lake n'loti gulu limakumana tsiku lake, ndipo m'bokosi simukhala ndalama nthawi zonse. SACCO ndi yabwino pa ngongole ya fizi, malata kapena puloti, yobweza pang'onopang'ono. Khadi malo ake ndi pa zinthu zadzidzidzi ndi zogula za mwezi ndi mwezi zomwe mukudziwa kuti malipiro akubwerawo azikwanitsa. Musasiye gulu lanu chifukwa mwapeza khadi.

Airtel Money ndi Mpamba zilipo, Mo626 iliponso. Khadi ndi lachiyaninso?

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mu Mzuzu, foni ndi imene ikulamulira. Wogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay mu msika waukulu, wakabaza wa ku Mchengautuwa, mayi wa matemba ndi tomato ku Zigwagwa, onsewa alibe makina oswaipira, ndipo sadzakhala nawo posachedwa. Khadi limagwira ntchito m'masitolo akuluakulu, m'mahotela, m'mafamase ena, m'masitolo ena a zomangira, pamalo omwetsera mafuta ndi pa intaneti. Netiweki ikagwa kapena magetsi akazima, makina aja nawo amagona, choncho kandalama ka m'thumba kasamasowe.

Kusiyana kwakukulu n'koti pa foni mumatumiza ndalama zomwe muli nazo kale, ndipo zikapita zapita. Mukalakwitsa nambala kapena mukatumizira wakuba, kuzibweza ndi ntchito yaikulu. Pa khadi la ngongole ndalama zomwe zatuluka ndi za banki, ndipo pali njira yokhazikika yotsutsira malipiro olakwika musanatulutse zanu.

Njira yotsutsirayo imayenda bwanji? Ndikagula chinthu pa intaneti osabwera, ndalama zingabwerere?

Zingabwerere, ndipo limeneli ndi phindu lomwe anthu ambiri sadziwa kuti ali nalo. Visa ndi Mastercard ali ndi malamulo omwe banki iliyonse yogwiritsa ntchito makhadi awo imatsatira. Ngati mwalipira katundu koma sanafike, ngati afika osiyana kotheratu ndi amene munaitanitsa, ngati makina akudulani kawiri pa chinthu chimodzi, kapena ngati paoneka malipiro omwe simukuwadziwa, mumalemba dandaulo ku banki yanu. Banki yanu imafunsa banki ya wogulitsa, ndipo wogulitsa ayenera kuonetsa umboni woti anapereka katunduyo. Akalephera, ndalama zimabwerera pa khadi.

Pali nthawi yake. Pa madandaulo ambiri malire amakhala masiku 120, koma musadikire kuti afike. Banki yanu ingakhale ndi nthawi yofupikirapo. Yambani mwalankhula ndi wogulitsayo ndipo sungani zonse: risiti, imelo, mauthenga a pa WhatsApp, chithunzi cha katundu amene wafika. Popanda zimenezi dandaulo limafooka.

Kunena zoona, khadi la ATM la Visa kapena Mastercard nalonso lili ndi njira imeneyi. Kusiyana n'koti pa khadi la ATM, milungu yonse yomwe nkhani ikufufuzidwa ndalama zanu za lendi zimakhala zitachoka kale mu akaunti. Dziwaninso kuti chitetezochi chimagwira ntchito pokhapokha mwalipira ndi khadi lenilenilo. Wogulitsa galimoto za ku Japan kapena mafoni pa Facebook akakuuzani kuti mutape ndalama n'kumutumizira pa nambala yake, mwatuluka kale m'chitetezo chimenechi.

Kodi ndi khadi la ngongole ndingathe kugula kunja mosavuta, popeza madola akusowa?

Ayi, khadi silipanga madola. Mukalipira fizi ya mayeso a kunja, tikiti ya ndege, kapena pulogalamu ya pa kompyuta, banki yanu iyenera kupeza ndalama zakunja zokalipirira kumeneko. Ndalama zakunja zikavuta, mabanki amachepetsa zomwe khadi lingagule kunja pa tsiku kapena pa mwezi, ndipo malire amenewo amasinthasintha. Mukhoza kukhala ndi mpata wa K2,000,000 pa khadi koma n'kukanidwa kugula chinthu cha madola ochepa. Musananyamuke ulendo kapena musanalonjeze munthu kuti mumulipirira, funsani kaye ku nthambi yanu.

Pamene zatheka, phindu lake ndi looneka: mumasinthiridwa pa mtengo wa kubanki, kuphatikizapo kachindapusa kosinthira, osati pa mtengo wa pamsika wamdima. Ngongoleyo imalembedwa mu makwacha pa tsiku lomwe banki yamaliza kuwerengera malipirowo, lomwe likhoza kukhala patapita tsiku limodzi kapena angapo. Masiku ambiri kusiyanako n'kochepa. Koma kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kugwa kulikonse kunachitika mwadzidzidzi, usiku umodzi wokha. Malipiro omwe agwera pakati pa kusintha kotereku amalembedwa pa mtengo watsopano.

Ndimapita ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Lingandithandize?

Pang'ono. Amalonda a ku Taifa Market akudziwa kuti ku Kyela ndi ku Kariakoo zinthu zimayenda ndi ndalama zogwira m'manja kapena za pafoni, ndipo kunenerera mtengo kumakoma ndalama zili poonekera. Kumeneko khadi silingalowe m'malo mwa mpamba wanu. Komwe limathandiza ndi pa malo ogona, tikiti, chipatala mukadwala m'njira, kapena tsiku lomwe zinthu zasokonekera kupitirira Songwe ndipo mukufunika kugona usiku wina womwe simunaukonzekere.

Kwa opita ku Johannesburg, Nairobi kapena Dubai pa ntchito, pali chinanso. Mahotela ambiri ndi makampani obwereketsa galimoto amatsekera ndalama ina pa khadi ngati chikole, n'kudzaimasula mukachoka. Pa khadi la ATM ndalama zotsekedwazo ndi zanu zodyera, ndipo zingatenge masiku kuti zimasuke. Pa khadi la ngongole zimangochepetsa malire. Makampani ena obwereketsa galimoto salandira n'komwe khadi la ATM.

Za m'dziko momwe muno, kumbukirani kuti K1,000,000 ndi mapepala 200 a K5,000. Kukwera nawo basi yausiku kudutsa m'Chikangawa kupita ku Lilongwe si chinthu chomwe munthu amagona nacho tulo.

Ndingatape ndalama pa ATM ndi khadi limeneli?

Mungathe, koma pewani. Kutapa ndalama kulibe masiku aulere: chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, ndipo pamakhalanso chindapusa chotapira. Kusamutsa ndalama kuchoka pa khadi kupita ku akaunti ina kawirikawiri kumawerengedwa chimodzimodzi.

Akuti khadi limakonza mbiri ya munthu kubanki. Zoona?

Zoona. Kuyambira pomwe lamulo la Credit Reference Bureau Act linakhazikitsidwa mu 2010, dziko lino lili ndi mabungwe osunga mbiri ya okongola, monga Credit Data CRB ndi TransUnion. Mabanki amatumizako za momwe makasitomala awo akubwezera, ndipo amafunsako asanakongoze munthu. Munthu amene sanakongolepo n'komwe alibe mbiri yoipa, koma alibenso yabwino. Banki siidziwa kuti ndi wotani. Amene kwa zaka ziwiri wakhala akugula pa khadi n'kumabweza pa tsiku lake ali ndi umboni wolembedwa, ndipo umboniwo umamuyankhulira tsiku lomwe akufuna ngongole yomalizira nyumba ku Katoto kapena yogulira galimoto ya bizinesi.

Mbiriyi imalemba mbali zonse. Kuchedwa kulipira nakonso kumalowa, ndipo banki ina yomwe simunalowemo n'kale lonse idzakuona. Muli ndi ufulu wopempha kuona zomwe zalembedwa pa dzina lanu ndi kudandaula ngati muli zolakwika.

Ndine mlimi, ndalama zanga zimabwera kamodzi pachaka. Ndingagulire feteleza pa khadi n'kudzabweza ndikagulitsa?

Musatero, bambo. Feteleza mumagula mvula isanayambe kapena ikangoyamba, pomwe fodya amakalowa ku okushoni ya Mzuzu chaka chinacho, mvula itatha. Khofi wa ku Misuku kapena ku Phoka, mpunga wa ku Karonga, chimanga cha ku Mzimba, zonse zimafuna miyezi yambiri ndalama zisanabwere. Khadi limakupatsani masiku osakwana 60, kenako limayamba kudya mwezi ndi mwezi, ndipo limafuna kuti muzilipirako kanthu mwezi uliwonse ngakhale fodya akadali ku nazale. Ngongole ya ulimi, ya kalabu kapena ya kopaletivi imapangidwa motsatira nyengo ya mbewu. Khadi linapangidwira munthu amene ndalama zake zimalowa mwezi uliwonse.

Nanga mphatso ndi mapointi omwe timamva kuti amapereka?

Makhadi ena amabweza kandalama pang'ono pa zomwe mwagula, ena amapereka inshuwaransi ya paulendo mukagula tikiti ndi khadilo, kapena mwayi wodikirira ndege m'chipinda chapadera. Zambiri zomwe mumawerenga pa intaneti ndi za ku America ndi ku Ulaya. Funsani zomwe khadi la kuno lili nazo, ndipo muziyerekeze ndi chindapusa cha pachaka. Mwezi umodzi wa chiwongoladzanja umafafaniza mapointi a chaka chonse.

Makhadi amenewa anayamba liti?

Mu 1950, ku New York, Frank McNamara ndi anzake anayambitsa Diners Club, kakhadi kapepala kolipirira chakudya m'malesitilanti, ngongole yake yobweza yonse mwezi ukatha. Khadi lolola munthu kusiya ngongole ina kuti idutsire mwezi wotsatira linafala ndi Bank of America, yomwe mu 1958 inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California, anthuwo asanapemphe n'komwe. Poyamba bankiyo inaluza ndalama zambiri chifukwa cha osabweza ndi akuba. Khadi limenelo, BankAmericard, ndi lomwe linasintha dzina kukhala Visa mu 1976. Mastercard inachokera ku mgwirizano wa mabanki ena womwe unayamba mu 1966. Visa ndi Mastercard sakongoza munthu; iwo ndi msewu wodutsamo malipiro. Amene mwakongola kwa iye ndi banki yanu ya pano pa Mzuzu.

Akuba a pafoni achuluka. Khadi silingandibweretsere mavuto?

Lingathe, mukalekerera zinthu zinayi: nambala ya kutsogolo, tsiku lothera ntchito, manambala atatu a kumbuyo, ndi nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pafoni mukamagula pa intaneti. Munthu akakhala ndi zimenezi safunikanso khadi lenilenilo. Akathyali amaimba ndi mawu aulemu kwambiri, amadziwa dzina lanu, amati akuimba kuchokera ku likulu la banki ndipo khadi lanu litsekedwa lero mukapanda kuwawerengera nambala yomwe yangolowa kumene. Banki siifunsa PIN kapena nambala yachinsinsi imeneyi, kaya pafoni, kaya pa uthenga, kaya pa kauntala. Dulani foni, muimbe nokha nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi.

Mu lesitilanti kapena pomwetsa mafuta, khadi lisachoke m'maso mwanu. Makina abwere pomwe muli. Onani ndalama zomwe zalembedwa pa makina musanaike PIN, chifukwa ziro mmodzi wowonjezera amasandutsa K15,000 kukhala K150,000. Tsegulani mauthenga a pafoni okudziwitsani za malipiro aliwonse. Khadi likasowa, litsekeni nthawi yomweyo pa app kapena poimba foni, ngakhale pakati pa usiku. Za kupolisi ndi kunthambi zidzabwera m'mawa. SIM yanu ikangosiya kugwira ntchito mosadziwika bwino, thamangirani ku kampani ya foni ndipo dziwitsani banki, chifukwa wina angakhale ataitenga nambalayo kuti azilandira mauthenga anu.

Achimwene andipempha kuti ndiwagulire katundu pa khadi langa, adzandibwezera. Ndivomere?

Funso ili ndi lovuta kuposa la chiwongoladzanja, chifukwa kwathu kuno kukana m'bale si chinthu chapafupi. Dziwani izi zokha: banki imadziwa dzina limodzi, lanu. Achimwene akachedwa, chiwongoladzanja ndi chanu, chindapusa chochedwera ndi chanu, mbiri yoipa ndi yanu. Ngati ndalamayo ndi yoti mungathe kuilipira nokha pa tsiku lake iwo atalephera, athandizeni, ndipo mukaswaipe nokha. Ngati simungathe, ndi bwino kuwapatsa zochepa zomwe muli nazo m'manja. Kupereka khadi ndi PIN kwa munthu wina kumaphwanya mgwirizano wanu ndi banki, ndipo zikasokonekera simungadandaule kuti malipirowo simukuwadziwa.

Malire a khadi lanu si nkhani yoti abale onse aidziwe. Pa maliro kapena pa chinkhoswe, anthu akamva kuti muli ndi K1,000,000 "ya pa khadi" amaiwerenga ngati ndalama zomwe muli nazo. Kwa akazi anu kapena amuna anu ndi kosiyana: iwo ayenera kudziwa, chifukwa ngongoleyo idzatuluka m'thumba la banja. Mabanki ena amapereka khadi lachiwiri pa akaunti yomweyo, ndipo sitetimenti imaonetsa zomwe aliyense wagula.

Ndani angapatsidwe khadi, ndipo kubanki amafuna chiyani?

Si mabanki onse omwe amapereka makhadi a ngongole, choncho yambani mwafunsa ku banki komwe malipiro anu amadutsira. Imeneyo ikukudziwani kale. Kawirikawiri amafuna chiphaso cha unzika, mapepala a malipiro a miyezi ingapo yapitayi, kalata ya kuntchito, ndi umboni wa komwe mukukhala, monga bilu ya madzi ya Northern Region Water Board kapena mapu ojambula pamanja. Wabizinesi amafunsidwa masitetimenti a akaunti ndi mapepala a kalembera wa bizinesi. Ophunzira a ku Mzuni omwe alibe malipiro okhazikika kawirikawiri sakwanitsa zofunikazi, ndipo pa zogula za pa intaneti khadi la ATM la Visa kapena Mastercard limawakwanira.

Akakupatsani malire aakulu kuposa omwe mungabweze ndi malipiro a mwezi umodzi mutachotsa lendi, chakudya ndi fizi, muli ndi ufulu wopempha kuti awatsitse.

Ndifunse chiyani ndisanasayine?

Chiwongoladzanja pachaka ndi pamwezi, ndiponso ngati chimasintha Reserve Bank ikasintha chake. Chindapusa cha pachaka kapena cha pamwezi, chomwe mumalipira ngakhale khadi litangokhala m'chikwama. Chindapusa chochedwa kulipira, chopyola malire, chotapa ndalama, chosinthira ndalama zakunja, ndi chopangitsa khadi lina likatayika. Tsiku la sitetimenti ndi tsiku lolipira. Ngati pali inshuwaransi yomwe imalipira ngongoleyo mwini wake akamwalira kapena akalumala, ndipo ikudula zingati. Pomaliza, pemphani kuti banki izidula yokha ngongole yonse ya pa sitetimenti kuchokera mu akaunti yanu ya malipiro. Pa fomu pamakhala posankha pakati pa kudula zonse ndi kudula kochepa kaja. Onetsetsani pomwe mwachonga.

Banki ikandilakwira, ndikadandaule kuti?

Yambani ku banki komweko, molemba, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu kapena kope lodindidwa. Ngati sanakuyankheni kapena yankho silinakukhutiritseni, pitani ku Reserve Bank of Malawi, yomwe ili ndi nthambi mu Mzuzu momwe muno. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa Reserve Bank ndi amenenso amayang'anira mabanki ndi mabungwe ena a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Pamene mukudikira, pitirizani kulipira gawo la ngongole lomwe simukulitsutsa.

Ntchito ikatha, kapena ndikangofuna kulisiya khadilo, nditani?

Ntchito ikatha ngongole siitha nayo. Siyani kuswaipa tsiku lomwelo, ndipo pitani kubanki musanaphonye kulipira koyamba. Pemphani kuti ngongole ya pa khadi aisandutse ngongole wamba yobweza pang'onopang'ono pa ndalama yokhazikika. Banki imamva msanga munthu wobwera yekha kusiyana ndi amene yachita kumusaka.

Ngati mukungofuna kulisiya, kulidula ndi lumo kapena kulitaya m'dirowa sikutseka akaunti, ndipo chindapusa cha pachaka chizipitirira kulowa. Lipirani zonse, kuphatikizapo chiwongoladzanja cha masiku omaliza chomwe chingaoneke pa sitetimenti yotsatira. Chotsani khadilo kulikonse komwe limadulidwa lokha mwezi ndi mwezi, monga Netflix kapena malo osungira zinthu pa Google. Kenako lembani kalata yotseka, mulandire kalata ya banki yotsimikiza kuti mulibe ngongole, ndipo patapita miyezi iwiri kapena itatu mukaone ku bungwe losunga mbiri ya okongola ngati akauntiyo yalembedwa kuti inatsekedwa.